Malita Sikisi ndi Hafu

1. Tsiku lomaliza

Loweruka limenelo ndinafika pa galaja dzuwa lisanatenthe, ndipo ndinasesa bwalo lonse kawiri. Sikuti panali zinyalala zambiri ayi. Manja anga ankangofuna chochita, chifukwa linali tsiku lomaliza la miyezi itatu imene a Elifala anandipatsa yondiyesera.

Galaja ya a Elifala ili pa Mponela, kuseri kwa magolosale, pafupi ndi pamene pamapatukira msewu wa ku Ntchisi. Musaganize za chinyumba cha malata owala. Ndi shedi chabe, dzenje limodzi lolowamo munthu akamagwira ntchito kunsi kwa galimoto, ndi bokosi la zitsulo limene mwiniwake amalisamala kuposa nsapato zake za ku tchalitchi.

Ine ndine Tabita, mwana wa a Nowa, amene amalima fodya ngati tenanti pa esiteti ina ku Chisepo. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinayenda m'magalaja anayi kupempha kuti andiphunzitse ntchito. Atatu anandiseka. Achinayi anati ndibwere ndiziwaphikira tiyi. A Elifala okha ndi amene anandiyang'ana manja, nandipatsa sipanala kuti aone mmene ndingaigwirire.

"Miyezi itatu," anatero tsiku limenelo. "Ndikaona kuti makutu ako amamva ndipo pakamwa pako sipanama, ukhala. Ndikaona zina, njira ya ku Chisepo ukuidziwa."

Panali chinthu chimodzi chimene a Elifala sankachidziwa. Bambo anga kumudzi ankati ndili kwa azakhali pa Mponela kuphunzira kusoka. Bodza limenelo ndinaliyambitsa ndine, poopa kuti andikaniza, ndipo ndinali ndisanalikonze.

2. Galimoto ya ku Joni

Cha m'ma eyiti koloko tinamva kulira kwa injini kumene sitinkakudziwa. Sikunali kukhosomola kwa minibasi kapena kubuula kwa lole ya fodya. Kunali kwapansipansi ngati bingu lakutali. Anyamata a kabaza anasiya kukanganirana anthu n'kutembenuka onse.

Inalowa pabwalo pang'onopang'ono, galimoto yakuda ya zitseko zinayi, yotsika mwakuti mimba yake inatsala pang'ono kukhula pansi. Nambala zake zinali za ku Joni.

Woyendetsa anatuluka, bambo wachinyamata wa malaya oyera, napereka moni ndi manja awiri. Anati dzina lawo ndi a Agustino, kwawo ndi ku Ntchisi, ndipo ayenda masiku atatu kuti adzakhale nawo pa mwambo wa chiliza cha amayi awo masana a tsiku lomwelo.

"Oyilo wakwana nthawi yosintha, bambo," anauza a Elifala. "Sindikufuna kukwera naye mapiri. Watsopano ndagula kale ku Lilongwe, pamodzi ndi fyuluta yake yosefera."

Anatsegula kumbuyo n'kutulutsa zigubu ziwiri za malita asanuasanu.

Kenako chitseko cha mbali ina chinatseguka. Amene anatuluka anali amalume awo a Agustino, a Stephano, eni chigayo cha kwathu ku Chisepo kumene ndinakula ndikusenzerako chimanga. Ku tchalitchi amakhala benchi imodzi ndi bambo anga. Ndinatsitsa kapusi mpaka m'maso, n'kudzipaka girisi patsaya ngati mwangozi.

3. Buku la galimoto

A Elifala sanathamangire sipanala. Anapukuta manja, napempha buku la galimotoyo, navala magalasi awo omanga ndi waya. Atapeza tsamba limene ankalifuna anandikodola.

"Werenga wekha," anatero.

Ndinawerenga motsitsa mawu. Oyilo wake ndi wa 5W-30. Muyeso wake, posintha pamodzi ndi fyuluta, ndi malita sikisi ndi hafu.

"Tsono tamvera, Tabita, ndinena kamodzi. Ine ndagwira sipanala zaka makumi atatu, koma galimoto imene sindinaigwirepo ndimayamba ndafunsa buku lake. Safunsa anadya phula. Maminibasi athu aja timawathira oyilo wolemera chifukwa injini zake zinakalamba ndipo mipata yake inakula. Iyi ndi ina. Tinjira ta oyilo mkati mwake ndi tating'ono kwambiri, ndipo ili ndi tebo, kachipangizo kokankhira mphepo mu injini, kamene kamazungulira mwa liwiro loti sungaliwerenge. Oyilo wolemera safika msanga m'tinjira timeneto, makamaka m'mawa kukazizira. N'chifukwa chake buku likunena 5W-30, ndipo taona, n'zomwe zalembedwa pa zigubuzi. Achimwenewa agula bwino."

A Agustino anamwetulira. A Elifala anapitiriza.

"Chachiwiri ndi muyeso. Oyilo ali ngati mchere wa m'ndiwo. Akachepa, zitsulo zimadyana. Akachuluka, chitsulo chachikulu chimene chimazungulira kunsi kwa injini chimayamba kumupukusa mpaka achite thovu. Thovu silisamala chitsulo. Pampu imakoka mphepo m'malo mwa oyilo, maraba otseka amayamba kudontha, utsi umatuluka, ndipo pachitunda injini ikhoza kuuma osadzadzukanso. Anthu athu amati chochuluka ndiye chikondi. Injini sidziwa chikondi chotero. Sikisi ndi hafu. Wotsalayo um'bwezere mwiniwake m'chigubu chake."

Anandionetsanso kuti galimotoyo inalibe kachitsulo koyezera oyilo kamene tinazolowera. Muyeso unkaoneka pa kagalasi ka pa dashibodi, injini ikatentha, galimoto itaima pamalo osapendekeka.

Ali mkati molankhula, foni yawo inalira. Minibasi ina inali itafera pa Mtengowanthenga, itadzaza anthu ochokera kuchipatala. A Elifala anandiyang'ana, nayang'ana galimoto ija.

"Ntchitoyi ndi yako," anatero.

A Agustino anakanda kumutu pang'ono, kenako anati, "Ngati inu mwam'khulupirira, bambo, inenso ndam'khulupirira." Analiza galimoto n'kuiika bwino pamwamba pa dzenje, nandisiyira makiyi, napita kumsika kukagula mpunga ndi shuga za ku mwambo. A Elifala anakwera njinga yawo yamoto nachoka. Tinatsala awiri, ine ndi a Stephano, amene anakhala pa benchi ndodo ili pakati pa miyendo.

4. Zigubu ziwiri

Ntchito inayenda bwino, ndipo sindidzitama ndikatero. Ndinalowa m'dzenje, ndinamasula bawuti ya pansi, oyilo wakale anatuluka wakuda bii, akadali wofunda. Ndinamudikira mpaka dontho lomaliza. Ndinachotsa fyuluta yakale, ndinapaka oyilo pang'ono pa raba ya yatsopano, n'kuimanga. Bawuti ndinaibwezera ndi washa yatsopano, osaikakamiza.

Ndinathira chigubu choyamba chonse. Pa chachiwiri ndinayeza lita imodzi ndi hafu ndi jagi yathu ya mizere, yolowa lita imodzi. Ndinaliza injini, ndinadikira itenthe, ndipo kagalasi kaja kanaonetsa kuti oyilo ali pamuyeso wake. Ndinatseka chigubu chotsala n'kunyamuka nacho kupita kumbuyo kwa galimoto.

"Iwe, ukupita naye kuti ameneyo?" anafunsa a Stephano.

"Watsala, bambo. Ndikuika m'galimoto."

"Watsala bwanji? Mphwanga wagula zigubu ziwiri, iwe wathira chimodzi ndi pang'ono chabe. Amakaniko ndimakudziwani ine. Lero mukuti watsala, mawa tim'peza m'mabotolo a zakumwa pa msika, mukugulitsa kwa a kabaza. Kwathu kuno oyilo amene mwini wagula amathiridwa yense, mwiniyo akuona ndi maso ake. Thira."

"Buku likuti sikisi ndi hafu, bambo."

"Buku? Ine ndayendetsa chigayo zaka makumi awiri ndi zitatu popanda buku. Injini yanga ndimaithira mpaka ndione oyilo ndi maso pakamwa pake, ndipo mudzi wonse umadya ufa wanga. Komanso oyilo wanu uyu ndi wamadzimadzi ngati tiyi wa pamaliro. Woteroyo amafunika wambiri kuti agwire. Mapiri a ku Ntchisi si masewera."

Chigayo chawocho ndinkachidziwa bwino. Chikalira, utsi wake umathamangitsa nkhuku za mudzi wonse, ndipo injini yake anali ataisintha kawiri ine ndikuona. Koma zimenezo sindikananena.

A Stephano anaimirira n'kuyandikira, nayamba kusuzumira kunsi kwa kapusi yanga.

"Mwana wa yani iwe, wotsutsana ndi akulu chonchi? Nkhope yakoyi ngati ndinaionapo."

Pamenepo ndi pamene ndinalakwa. Ndinawafulatira msanga, ndinatsegula pothirira, n'kupendeketsa chigubu. Malita atatu ndi hafu analowa onse, ine ndikudziwa bwino lomwe chimene ndikuchita. Ndinkangofuna kuti abwerere pa benchi asanakumbuke dzina la bambo anga.

"Ehe," anatero a Stephano. "Zigubuzo undipatse, zikagwira ntchito ku chigayo."

Anaziika okha kumbuyo kwa galimoto, akumwetulira ngati atola ndalama. A Agustino atabwera ndi katundu wawo anafunsa ngati zonse zili bwino. Amalume awo anayankha ine ndisanatsegule pakamwa. Nthawi inali itatha, anthu akudikira kumudzi, ndipo galimoto inatuluka pabwalo n'kukhotera msewu wa ku Ntchisi. Nambala ya foni yawo sindinatenge.

5. Ovolosi

Patangopita mphindi khumi ndi zisanu, a Elifala anafika. Minibasi ija inali itangoduka waya wa batire. Analowa m'dzenje n'kuona kuti palibe dontho pansi. Anaona fyuluta yakale m'chitini chake, oyilo wakale m'mgolo, masipanala onse atapukutidwa ndi kubwezedwa m'malo mwake. Zigubu panalibe, ndipo iwo anaganiza kuti wotsala uja wapita ndi mwiniwake.

Analowa m'kachipinda ka kuseri n'kutuluka ndi phukusi la pulasitiki. Mkati munali ovolosi yabuluu yatsopano. Pachifuwa pake, amayi a kunyumba kwawo anali atasokapo dzina langa ndi ulusi wofiira.

"Inafika Lachitatu," anatero, "koma ndinati tsiku likwane. Miyezi itatu sunandibere ngakhale nati imodzi, sunachedwe, sunandinamize. Kuyambira Lolemba ndiwe wa pano."

Anandiika ovolosiyo m'manja. Inkanunkha sitolo. Chiyambire kubadwa ndinali ndisanakhalepo ndi chovala cholembedwa dzina langa, ndipo ndinaifuna ndi mtima wanga wonse. Palibe amene akanandiulula. Galimoto ikanafera kumapiri, anthu akanati magalimoto a ku Joni salimba m'misewu yathu.

Ndinaiika pa benchi.

"Bambo, ndathira malita khumi."

A Elifala anavula magalasi. "Bwereza."

"Ndinayamba ndathira sikisi ndi hafu. Amalume aja anati ndithire yense. Ndinathira."

"Unaiwala zimene ndinakuuza?"

"Sindinaiwale, bambo. Ndinaopa."

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anayang'ana wotchi, natola sipanala ziwiri, jagi ya mizere, beseni ndi nsanza, naponya zonse m'thumba.

"Kwera. Zokamba tikamba pambuyo."

Ovolosi inatsala pa benchi pomwepo.

6. Msewu wa ku Ntchisi

Njinga ya a Elifala ndi yokalamba kuposa ine, ndipo pamsewu wosalala sikanaigwira galimoto ija ngakhale kumaloto. Koma ndithokoze maenje ndi mahampu a msewu umenewo, amene tsiku lililonse anthu amawatukwana. Galimoto yotsika chonchija inkayenera kukwawa pa lililonse. Ife tinkangowazemba.

Tinadutsa minda ya fodya yongotsala mapesi, ngolo za ng'ombe, amayi osenza nkhuni. Mphepo ya mwezi wa Seputembala inkatithira fumbi m'maso. Pamalo ena ogulitsira mbatata a Elifala anachepetsa liwiro n'kufunsa ngati padutsa galimoto yakuda.

"Yangochoka kumene," anayankha mayi wina. "Agogo ake anatsika, atinenerera mbatata nthawi yaitali osagula. Koma ikufuka, bambo."

Ngakhale kuuma mtima kwa a Stephano pa malonda kunatithandiza tsiku limenelo.

Msewu unayamba kukwera. Mapiri a Ntchisi anali patsogolo pathu, mitengo yake ikuoneka yakuda pamwamba. Titakhota pakona ina tinayamba kumva fungo la oyilo wopsa, kenako tinauona utsi wotuwira ukutsalira mumsewu. Galimoto inali pakati pa chitunda chachitali.

A Elifala anaimba hutala osalekeza. Ine ndinavula kapusi n'kumaikupiza m'mwamba, kuiwaliratu kuti ndi imene inkandibisa. Tinafika pambali pa zenera la woyendetsa.

"Imani! Zimitsani injini!" anakuwa a Elifala.

A Agustino anapatukira pambali n'kuzimitsa. Anatuluka nkhope ili yodabwa.

"Kanyali kachikasu ka pa dashibodi kayaka kalekale," anatero. "Ndimafuna kuima, koma amalume akuti ndi oyilo watsopano akukhazikika."

A Elifala anatsika pa njinga. Anatembenukira kwa ine. Ndinamvetsa kuti pakamwa pofunika pamenepo ndi panga.

"Achimwene, ndakulakwirani. Galimoto yanu imafuna malita sikisi ndi hafu, ine ndathira khumi. Ndinkadziwa kuti n'kulakwa. Mukanapitirira nayo mapiriwa, injini ikanatha kuwonongeka."

A Agustino anayang'ana amalume awo. A Stephano anayang'ana mapiri.

7. Malita atatu ndi hafu

Chapafupi panali bwalo la mpira la sukulu ina ya pulayimale. Anthu odutsa anatithandiza kukankhira galimoto chambuyo mpaka pamalo athyathyathya. Tinadikira kuti injini izizire pang'ono, thovu likhazikike. Tinaikweza ndi jeke, ndipo a Elifala anatuma anthu kukatola miyala ikuluikulu yoika kunsi.

"Jeke si m'bale wako," anandiuza. "Usadzalowe kunsi kwa galimoto itatsamira jeke yokha. Lowa tsopano. Wathira ndiwe, uchotsa ndiwe."

Ndinagona chagada pa fumbi n'kukwawira kunsi. Ndinamasula bawuti pang'ono chabe, chala chili pomwepo, oyilo n'kumatsikira mu jagi. Anali akadali wotentha ndipo anandiyenderera mpaka m'chigongono. Jagi ikadzaza ndinkatseka n'kuitulutsa, a Elifala n'kuthira m'chigubu. Anachita kupempha chigubucho kwa a Stephano, amene anachipereka osayang'ana munthu.

Yoyamba. Yachiwiri. Yachitatu. Kenako hafu.

Ndinamanga bawuti, tinatsitsa galimoto. A Elifala anasuzumira paliponse ndi tochi ya foni, kufunafuna pamene raba yaphulika. Sanapeze. A Agustino analiza injini. Inatulutsa utsi kwa kanthawi, utsiwo unayamba kuchepa, kenako unatha. Tonse tinaunjikana pa zenera kuyang'ana kagalasi kaja. Kanachedwa ngati kakuchita dala. Pamapeto pake kanaonetsa oyilo ali pamuyeso, ndipo kanyali kachikasu kanazima.

"Taipeza nthawi yabwino," anatero a Elifala. "Mukabwerera mudzadutse pa galaja tidzaionenso, koma yapulumuka."

A Agustino anaika dzanja pa boneti. Atalankhula, mawu awo anali otsika.

"Galimoto iyi ndinkafuna amayi adzaikwere. Sizinatheke. Ndinati bola ifike pamanda pawo." Anatembenukira kwa ine. "Chemwali, ukanakhala chete, ine sindikanadziwa mpaka itafa. Zikomo kwambiri."

Munthu amene ndinatsala pang'ono kumuphera galimoto ankandithokoza. Misozi inatsika, ndipo poipukuta ndinangodzipaka oyilo nkhope yonse.

8. Mawu a pa bwalo la mpira

A Elifala anayamba ndi a Stephano, ndipo anavula chipewa polankhula nawo.

"Akuluakulu, mantha anu ndikuwamva. Amakaniko ena amabadi oyilo, ndipo anatiipitsira dzina tonse. Koma mankhwala a wakuba si kumiza injini. Mukamakayika, muziima pomwepo, muwerenge malita ndi maso anu, wotsala mum'nyamule. Ndipo mwana akakuuzani kuti buku likuti chakuti, musam'funse kuti ndi mwana wa yani. Mum'funse kuti akuonetseni tsambalo."

A Stephano anakhosomola. "Tamva," anatero. Patapita kanthawi anafunsa chapansipansi kuti injini ya chigayo imafuna malita angati. A Elifala anati abwere ndi nambala ya injiniyo tidzaone.

Kenako ananditengera pambali, pafupi ndi golo.

"Tabita, lero wachita zinthu ziwiri. Choyamba n'choipa. Unadziwa choona n'kuchisiya chifukwa munthu wamkulu wakweza mawu. Ulemu ndi wabwino, ndipo ndikadzamva kuti wanyoza wamkulu pa galaja yanga ndidzakuthamangitsa ndekha. Koma ulemu ndi kugwada, kupereka mpando, kuyankha mofatsa. Si kuthira chimene ukudziwa kuti chipha injini. Ukanati, 'Pepani bambo, sindingathe, tidikire eni galimoto.' Basi. Pa ntchito yathuyi adzabwera mabwana, adzabwera apolisi, adzabwera abusa, aliyense ndi nzeru zake. Galimoto ikadzafera pakona ndi ana a eni ake mkati, sadzafunsa kuti anakuuza ndani. Adzafunsa kuti anagwira sipanala ndani."

"Ndamva, bambo."

"Chachiwiri ndi chimene ndakhala ndikuchifuna zaka zonsezi. Ndaphunzitsa anyamata asanu ndi awiri. Onse analakwitsapo, monga inenso ndinalakwitsapo. Koma onse ndinkachita kuwagwira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabweza mphatso m'manja mwanga kuti andiuze cholakwa chimene sindikanachiona. Manja ndikhoza kuwaphunzitsa. Chimenecho sindingachiphunzitse."

Anavala chipewa chawo.

"Ovolosi ija waisiya pa benchi. Ukaichotsepo isanadetsedwe ndi nkhuku, ndipo Lolemba ndikuone utaivala."

Ndinagwada pa fumbi pomwepo. Ndinkafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka ndi zikomo yekha, katatu. Wakutsina khutu ndi mnansi, amatero akulu, ndipo ine wanga ndinam'peza atavala magalasi omanga ndi waya. Mpaka lero ndikamayeza oyilo mu jagi ndimawathokoza bambo amenewa.

9. Mwana wa a Nowa

A Agustino anaika chigubu cha oyilo wotsala kumbuyo, nalowa m'galimoto. A Stephano anali atalowetsa kale mwendo umodzi pamene anaima n'kundiyang'anitsitsa. Kapusi yanga inali m'thumba la zitsulo.

"Ndimadziwa ine kuti nkhopeyi ndinaionapo," anatero. "Si iwe Tabita, mwana wa a Nowa a pa esiteti?"

"Ndine, bambo."

"Amene bambo ako amatiuza ku tchalitchi kuti ukuphunzira kusoka? Sabata yatha yomweyi amanena kuti Khirisimasi ino uwasokera malaya." Anapukusa mutu, koma sanaoneke wokwiya. "Ine ndibwerera ku Chisepo Lolemba. Akandifunsa za ulendo, sindidziwa kunama."

Chitseko chinatsekeka. Galimoto inakwera chitunda chija mopanda utsi, mpaka inabisika kuseri kwa mitengo.

Ndinatsala ndi a Elifala pa bwalo lopanda munthu. Ankakulunga sipanala m'nsanza, imodziimodzi mwa machitidwe awo osafulumira.

"Kusoka," anatero.

"Ndinaopa kuti andikaniza, bambo."

"Ndiye chifukwa chake unawaopa akulu aja." Anamanga thumba pa njinga. "Waona tsono mmene bodza limagwirira ntchito. Unalinena ku Chisepo, koma lakathira oyilo pa Mponela."

Analiza njinga, nandidikira kuti ndikwere.

"Mawa ndi Lamulungu, galaja yotseka. Iwo afika Lolemba, ife tifika mawa. Ine ndikuperekeza mpaka pakhomo, koma wolankhula ukakhala iwe."

"Nanga akakana?"

"Ukavale ovolosi ija," anatero a Elifala. "Bambo ako akawerenge okha dzina limene anakupatsa."